M'mera Mpoyamba: Sabata Loyamba la Mwana pa Yunivesiti

Kalata yoitana mwana ku yunivesiti ikafika pakhomo, cimwemwe cimakhala ca usiku umodzi. Kukaca banja limakhala pansi kuwerengera ndalama: ya basi, ya malo ogona, ya cakudya, ya fizi, ndiponso ya sutukesi kuti mwana asapite ku tauni atalongeza zobvala m'thumba la fetereza. Atsibweni amalonjeza kangacepe, amai amayang'ana matumba a nshawa amene anasungira njala, atate amayamba kuwerenga mbuzi m'khola. Mitu ikatentha, wina amatenganso kalata ija naiwerenga bwinobwino, ndipo amapeza popumira. "Taonani," amatero, "apa alemba kuti sabata loyamba n'la orientation, maphunziro enieni adzayamba sabata linalo. Nanga tithamangiranji? Mwana ayambe wakhala, atithandize kutonola cimanga, ndalama ya sabata lathunthu itsale m'thumba."

Mau amenewa tawamva m'mabanja ambiri, ndipo amacokera kwa anthu okonda mwana wao, amene afuna kuti kandalama kocepa kafike patali. Komabe mwezi uno tifuna kunena mosabisa kuti uphungu umenewu umaluzitsa zambiri kuposa ndalama imene upulumutsa. Mwana wofika pamalo acilendo sakhala wopanda womulangiza. Akaphonya masiku amene sukulu inakonza kuti imulangize, adzalangizidwabe, koma ndi aliyense amene adzayambe kumupeza ataimirira pacipata, cikwama kumutu, osadziwa kolowera.

Mwambo wa malonje

Makolo athu ankazidziwa bwino zimenezi. Munthu wobwera kudzakhala pamudzi, kaya ndi mkamwini, kaya ndi mtengwa, kaya ndi wopempha malo olima, sankangomuleka kuti adzionere yekha. Ankayamba ndi malonje, kenaka ankapita naye kwa mfumu kuti adziwike. Ankamuonetsa njira ya kucitsime, ankamuuza malire a minda, ankamulozera nkhalango imene munthu wamba saponda, ndiponso khomo limene angagogode mwana akadwala usiku. Sankacita zimenezi poyesa mlendoyo citsiru. Ankadziwa kuti ngakhale munthu wanzeru kwao amasanduka mwana akafika kwa eni ake, ndi kuti mlandu wopalamula mosadziwa umalipitsa mbuzi cimodzimodzi ndi wopalamula dala.

Cimene a sukulu amacha orientation ndi malonje omwewo. Ndi masiku angapo, kawirikawiri sabata limodzi, pamene ophunzira atsopano amafika anzao akale asanadzaze malo, kuti alembetsedwe, aonetsedwe nyumba ndi maofesi, amve malamulo, ndipo adziwe nkhope za anthu amene adzawathandiza. Yunivesiti ndi mudzi, ndipo lero ndi mudzi waukulu ndithu. Pamene University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, inayamba ndi ophunzira 312, gulu limene likanakwana m'chalichi cimodzi ca parishi. Tsopano ophunzira ake ali zikwizikwi, ndipo pabwera Copperbelt University ku Kitwe mu 1987, Mulungushi University ku Kabwe mu 2008, Zambia Catholic University ku Kalulushi caka comweco, ndi ena monga Chalimbana, Kwame Nkrumah ndi Mukuba. Mwana wa ku Chadiza kapena ku Lundazi, amene anazolowera sukulu imene ahedi ankamuitana ndi dzina, amatsika basi ku Lusaka atayenda makilomita oposa 500, napeza namtindi wa anthu othamanga, aliyense ndi zake.

Palinso cina coyenera kukumbukira. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 cabe. Kucokera pamenepo ophunzira akhala akuculuka, ndipo mu 2022, pamene boma linacotsa fizi m'masukulu ake kufikira ku sekondale, khomo linatseguka kwa ana ambiri a m'mabanja osauka. Motero ana ambiri amene tiwatumiza masiku ano ndi oyamba m'banja mwao kuponda pa yunivesiti. Ife makolo tingawalangize za ulemu, za mowa ndi za kusankha mabwenzi, koma ocepa mwa ife angawauze kumene amalembetsa maphunziro, kapena cimene cimacitika munthu akadwala pa tsiku la mayeso, pakuti njira imeneyo ambiri sitinaiyendepo. Mwana wa dokotala amamva nkhani zotere akudya nsima ndi atate ake. Mwana wa mlimi amazimva m'sabata la malonje lokha. Ndiye taonani, mwana amene afunikira kwambiri sabata limeneli ndi yemweyo amene umphawi umamunyengerera kuti alilumphe.

Kulembetsa ndi kaphunziridwe

Cinthu coyamba m'sabata limeneli ndi kulembetsa. Makolo ambiri amaganiza kuti kalata yoitana yatha zonse. Iai, kalatayo ingonena kuti malo alipo. Mwana amakhala wophunzira weniweni atapereka zikalata zake, atalipira gawo la fizi limene sukulu ifuna, atalandira nambala ndi kadi yake, ndipo atalembetsa phunziro lililonse limene adzatenga caka cimeneco. Masiku ano zambiri mwa izi zimacitika pa kompyuta, ndipo zili ndi tsiku lotsekera. Munthu angathe kukhala m'kalasi miyezi yathunthu, kulemba manotsi, kucezera usiku ndi mabuku, koma pofika nthawi ya mayeso n'kupeza kuti dzina lake palibe pa ndandanda, cifukwa phunzirolo sanalilembetse kapena analembetsa lina lofanana nalo dzina. M'sabata loyamba mumakhala anthu oikidwa kuti amugwire dzanja pa zimenezi. Pofika sabata lacitatu anthu omwewo amakhala atabwerera ku nchito zao zina, ndipo wocedwa amazungulira ofesi ndi ofesi, uku anzake ali m'kalasi.

Caciwiri ndi kaphunziridwe. Ku sekondale kunali belu, kunali maprifekiti, kunali mphunzitsi woyang'ana ngati nchito ya kunyumba yalembedwa. Ku yunivesiti kulibe wodzutsa mnzake. Mphunzitsi amalowa m'holo ya anthu mazana angapo, amalankhula Cingelezi cothamanga kwa ola limodzi kapena awiri, natuluka. Amene wagona kucipinda palibe womufunsa. Ndandanda ya maphunziro imaoneka ngati ili ndi mipata yambiri, ndipo mwana wosauzidwa amayesa mipatayo ndi nthawi yopuma, pamene ndiyo nthawi ya laibulale. Ndiponso malikisi sacokera ku mayeso omaliza okha. Gawo lina, ndipo si laling'ono, limasonkhanitsidwa pang'onopang'ono m'timayeso ta pakati pa caka, m'zolemba ndi m'nchito za mu labu, zimene ophunzira amazicha CA. Amene anazolowera kudzidzimuka mwezi wa mayeso amapeza kuti nkhokwe inayenera kuyamba kudzazidwa kalekale.

Caka coyamba n'colemera kuposa mmene ana amaganizira. Kwa zaka zambiri pa University of Zambia, ofuna udokotala, uinjiniya, za migodi kapena za ulimi ankayambira onse pamodzi m'sukulu ya Natural Sciences, ndipo malikisi a caka coyamba ndiwo ankasankha amene apite kumene mtima unkafuna ndi amene apatukire kwina. Sukulu iliyonse ili ndi dongosolo lake, ndipo ndi m'masiku oyambawa mmene imalifotokoza: malikisi angati afunika kuti munthu apitirire, cimacitika n'ciani akalephera phunziro limodzi, ndipo akalephera angapo adzabwereza caka kapena adzauzidwa kuti alongeze.

Amafotokozanso mlandu umene ana ambiri sadziwa kuti ndi mlandu. Ku sekondale, wobweza mau a m'buku monga mmene alili ankaomberedwa m'manja. Ku yunivesiti, kutenga mau kapena maganizo a munthu wina osachula mwini wake kumayesedwa kuba, ndipo cilango cake cingakhale ziro, kuimitsidwa, ngakhale kucotsedwa kumene. Kuyambira kumapeto a 2022, pamene ChatGPT inatulukira, yesero limeneli lakula, pakuti foni ingathe kulemba nkhani yonse pa mphindi imodzi. Sukulu ndi aphunzitsi amaika malire ao pa zida zotere, ndipo wanzeru amawamva asanapereke nchito yake yoyamba. N'cimodzimodzi ndi matenda kapena maliro pa nthawi ya mayeso. Pali njira yodziwitsira akuluakulu, ndi cikalata m'manja, nthawi isanapite. Amene angosowa, n'kubwera pambuyo ndi nkhani ya pakamwa, kawirikawiri amalembedwa kuti walephera, ngakhale maliro anali enieni.

Ndalama ndi malo ogona

Ana athu ambiri a m'mayunivesiti a boma amadalira thandizo la Higher Education Loans and Scholarships Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa komiti yakale ya mabasale. Ophunzira amaichabe ndalamayi BC, ndipo kumudzi timakambabe kuti mwana wapeza basale, koma dzina lake lenileni ndi ngongole. Mwana amasaina pangano, ndipo akamaliza maphunziro ayenera kubweza. Cimene ngongoleyo siilipira cimayang'ana banja. Ndi bwino kuti mwana amve zimenezi kucokera kwa eni ake, afunse mafunso, awerenge cimene asaina, kuti banja lisadzidzimuke pakati pa caka.

Ndalama ya cakudya, imene inacotsedwa mu 2019 n'kubwezeredwa mu 2023, ikagwa imaoneka yambiri kwa mnyamata amene sanagwirepo ndalama yakeyake. Apa ndi pamene alangizi ena aja amadikirira. Pali a kubecha pa mpira, amene sitolo yao ili m'foni ndipo sitseka usana ndi usiku. Pali a kaloba, amene amabwereketsa lero ndi nkhope yosekerera, mawa n'kutenga foni kapena laputopu ngati cikole. Pali anzake akale amene amamuuza kuti wophunzira weniweni amadziwika ndi nsapato. Mwana amene wamva kale kucokera kwa aphungu a sukulu mmene ndalama imeneyi imathera, ndipo waphunzira kugawa ya ufa, ya makala kapena magetsi, ya mapepala ndi ya intaneti, amakhala ndi poyambira pokana.

Za malo ogona nazo n'zobvuta. Zipinda za m'kati mwa sukulu sizikwanira onse, ndipo ambiri amacita lendi m'nyumba za anthu, monga ku Kalingalinga, Kalundu ndi Ng'ombe kwa ophunzira a pa Great East Road. Nyengo yotsegulira ikafika, pamatulukira akathyali amene amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti ali ndi cipinda cabwino pafupi ndi sukulu, n'kuuza mwana kuti atumize ndalama pafoni msangamsanga ena asanamulande. Ndalama ikapita, nambala imazima. Ofesi ya Dean of Students, imene imayang'anira umoyo wa ophunzira kunja kwa kalasi, ndiyo imadziwa njira yoona yopemphera bedi. Wofika tsiku loyamba amaonetsedwa citseko ca ofesiyo, ndiponso amakhala ndi nthawi yoyenda ndi mapazi ake kukaona nyumba, madzi ake, cimbudzi cake ndi mtunda wake usiku, asanapereke ngwee.

Thupi, mtima ndi mabwenzi

M'sabata lomwelo mwana amaonetsedwa kiliniki. Tisaiwale kuti kolera inasautsa Lusaka mu 2017 ndi 2018, inabweranso mu 2023 ndi 2024 mpaka masukulu anacedwa kutsegulidwa. Pamene acinyamata ambiri agona mothithikana ndi kugwiritsa nchito mpopi umodzi, kudziwa kumene uthamangire mnzako akayamba kutsegula m'mimba usiku n'kofunika ngati kudziwa kalasi. Mwana wokhala ndi matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga mphumu, shuga, khunyu kapena HIV, afunika kudziwa msanga kumene adzatenga mankhwala ake mwacinsinsi, kuti asalumphe ngakhale sabata limodzi.

Aliponso matenda osaoneka ndi maso. Mwana amene anali nambala wani kwao, amene mudzi wonse unamuperekeza ku basi, amalemba kamayeso koyamba n'kulephera. Amayang'ana anzake olankhula Cingelezi ngati madzi, nayamba kuganiza kuti kalata ija inasokera. Kuimba foni kumudzi acita manyazi, pakuti adziwa mbuzi zimene zinagulitsidwa. Amadzitsekera, tulo timasowa, ndipo ena afika poganiza zodzipha. Mayunivesiti ali ndi aphungu ophunzitsidwa nchito imeneyi, koma munthu wosweka mtima sayamba kufunsa njira ya ku ofesi imene sanaimvepo. Amapita kumene anaonetsedwa kale mtima uli m'malo.

Tinene mosapita m'mbali za ana athu aakazi. Pali amuna, ena ophunzira akale, ena a magalimoto a m'tauni, amene amadziwa tsiku lofika atsikana atsopano kuposa mmene makolo amalidziwira. Amabwera ndi thandizo lomwe mtsikana afunadi: kumuonetsa ofesi, kumupezera bedi, kumugulira cakudya pamene ndalama yacedwa. Mtengo wake umachulidwa pambuyo. Nthawi zina woopseza amakhala munthu wa udindo amene agwira malikisi m'manja mwake. Mtsikana ayenera kumva pagulu, kucokera pakamwa pa akuluakulu a sukulu, kuti zimenezi ndi mlandu, kuti pali ofesi yokadandaula, kuti kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndi kuti nambala ya 933 imaimbidwa kwaulere. Anyamata naonso ali ndi owasaka: a mowa, a camba, ndi andale amene amafuna manja oponya miyala, osawerengera kuti wogwidwa adzataya sukulu yekha.

Cimene cimachinjiriza kwambiri mwana ku zonsezi ndi mabwenzi abwino, ndipo mabwenzi amapezeka msanga m'masiku oyamba. Vincent Tinto, katswiri wa za maphunziro wa ku America, anafufuza kwa zaka zambiri zifukwa zimene ophunzira amasiyira yunivesiti. M'buku lake la mu 1987 lochedwa Leaving College anaonetsa kuti caka coyamba ndico cimataya ambiri, ndi kuti kawirikawiri comwe cimawagwetsa ndi kusazika mizu pamalopo: alibe mnzao wowerenga naye, alibe mphunzitsi amene angamufikire, alibe gulu limene lingazindikire kuti lero uje sanaoneke. M'sabata la malonje aliyense ndi mlendo, motero kupereka moni n'kosabvuta. Onse asocera pamodzi, aseka pamodzi, apezera pamodzi njira. Pakapita masabata awiri magulu amakhala atagwirana kale, ndipo wocedwa amagogoda pa zitseko zotseka. Ndi m'sabata lomweli mmene mabungwe a ophunzira amadzionetsa: a masewera, a kwaya, a maphunziro osiyanasiyana, a mipingo. Mwana wathu amene ankaimba kwaya kapena kutumikira pa Misa ku parishi amamva kumene Akatolika anzake amasonkhana, nthawi ya Misa, ndi dzina la wansembe woyang'anira ophunzira, amene kawirikawiri amakhala munthu wamkulu woyamba kumudziwa ndi dzina pamalopo.

Mau a otsutsa

Ena adzati tikukometsera. Adzati anaonapo masabata otere: holo yodzaza, cimkuzamau cosamveka, akuluakulu olankhula maola atatu za mbiri ya sukulu, ana akuodzera. Ophunzira akale naonso amauza atsopano kuti n'kutaya nthawi. Tibvomere kuti si malonje onse amene amakonzedwa bwino. Koma wophunzira wakale amene anena kuti n'kutaya nthawi waiwala kuti iye adziwa kale njira. Kwa iye n'zakale, kwa mng'ono wake n'zatsopano. Ndipo pakati pa mau ambiri otopetsa mumakhala ciganizo cimodzi cimene cidzapulumutsa caka cathunthu. Sitingadziwiretu kuti ndi citi, n'cifukwa cake mwana ayenera kukhalapo.

Za ndalama, tiyeni tiwerengere mwacilungamo. Mbali imodzi tiike cakudya ndi malo ogona a masiku asanu ndi awiri. Mbali ina tiike fizi ya phunziro lobwereza, kapena caka cathunthu ca lendi ndi cakudya kwa mwana amene wabwezedwa, kapena ndalama yotumizidwa kwa kathyali, kapena laputopu yotsalira kwa a kaloba. Mlimi aliyense adziwa kuti wobzala mocedwa pofuna kupulumutsa ndalama ya ganyu amadzalipira pa nthawi yokolola.

Komabe tili ndi pempho kwa oyendetsa mayunivesiti, a boma ndi a mipingo omwe. Ana ena amacedwa popanda cifukwa cao: dzina linatuluka mocedwa, yankho la ngongole linacedwa, mlatho unakokoloka. Otere akonzeredwe malonje aciwiri, ngakhale a tsiku limodzi. Zolankhula zicepe, kuyenda kuculuke. Ana agawidwe m'timagulu tating'ono, kalikonse ndi wophunzira wakale wodalirika amene adzawafunsanso pakatha mwezi. Malamulo ofunika alembedwe m'mau osabvuta kuti mwana awerenge ali yekha. Akumbukiridwenso osaona, osamva ndi oyenda pa njinga za olumala, amene njira ya ku kalasi ili ndi mafunso ena kwa iwo, ndiponso acikulire, aphunzitsi ndi anamwino, amene abwerera ku sukulu atasiya ana kunyumba ndipo acita manyazi kufunsa za kompyuta pamaso pa acinyamata.

Gawo la makolo

Nanga ife ticite ciani? Tiyambe ndi kalata. Iwerengedwe yonse, tsamba ndi tsamba, pamodzi ndi munthu womva bwino Cingelezi, ndipo masiku onse ochulidwamo alembedwe pa kalendala ya pakhoma. Ngati sukuluyo ndi yatsopano kwa ife, titsimikize kuti ndi yolembetsedwa ndipo maphunziro ake ndi obvomerezedwa ndi Higher Education Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Digiri yosadziwika ndi boma ndi pepala cabe. Zikalata zikonzedwe nthawi ilipo: registration ya mwana, zotsatira za mayeso zocokera ku Examinations Council of Zambia, zithunzi, ndi zina zimene kalatayo yachula, zonse ndi makope ake. Ndalama ya fizi ipite ku akaunti ya sukulu yolembedwa m'kalata, osati ku nambala ya foni ya munthu amene ati adzathandiza.

Powerengera ndalama, ya sabata loyamba ilowe m'gulu la fizi, isayesedwe yoonjezera. Ngati pali coyenera kudikira, cidikire sutukesi yatsopano. Mwana apite ndi cikwama cakale koma afike tsiku lake. Ngati n'kotheka mmodzi wa akulu amuperekeze, kapena m'bale wa m'tauni amucingamire pa siteshoni. Koma woperekezayo adziwe malire ake. Asaimirire pa mzere m'malo mwa mwana, asamuyankhire mafunso. Nchito yake ndi kuona kumene mwana agona, kudziwa dzina la mnzake wa m'cipinda, ndi kubwerera.

Sabata likatha, tiimbe foni, ndipo funso lathu lisathere pa lakuti wadya kodi. Timufunse ngati maphunziro onse walembetsa ndipo ali ndi umboni wake. Timufunse dzina la mphunzitsi womulangiza, kumene kuli kiliniki, ndi kumene angapite usiku zinthu zikabvuta. Timufunse ngati walowa m'laibulale n'kubwereka buku ngakhale limodzi, ngati wapeza mnzake wowerenga naye, ndi tsiku la kamayeso koyamba. Ngakhale kholo limene silinapite ku sukulu lingathe kufunsa mafunso amenewa, ndipo mwana amene alephera kuyankha amadziwa nchito imene ali nayo mawa. Timuuzenso momveka, asananyamuke, kuti akalephera mayeso kapena akagwa m'bvuto lililonse, tifuna kumva msanga ndipo khomo silidzatsekedwa. Ana ambiri amabisa bvuto laling'ono poopa makolo mpaka litakula.

Miphakati yathu nayonso ili ndi gawo. Pafupifupi parishi iliyonse ili ndi acinyamata amene ali kale ku yunivesiti, ndipo pa chuthi amakhala nafe. N'cifukwa ciani sitingawakhazike pansi pa mtengo Lamulungu limodzi pamodzi ndi amene alandira makalata, makolo ali pomwepo, kuti afotokoze zimene anaona? Aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi a m'dera lathu anapitako naonso. Ndipo pamene banja lina lasoweratu ndalama ya basi, tisonkhe nthawi ilipo kuti mwana afike tsiku loyamba, m'malo mosonkha pambuyo atabwerera ndi misozi.

Kwa iwe wolandira kalata

Tsono tilankhule ndi iwe, mwana wathu. Wagwira nchito kuti ufike pamene wafikapa, ndipo malo amenewo ndi ako monga ali a wina aliyense. Ukafika, khala kutsogolo, tenga kabuku ndi colembera, lemba maina ndi manambala a zitseko. Yenda malo onse dzuwa likali, upeze holo iliyonse imene ili pa ndandanda yako tsiku la phunziro lisanafike. Pereka moni kwa wokhala pambali pako, pakuti nayenso mtima ukumugunda. Womuona akukuthandiza mopitirira muyezo, udzifunse cimene afuna. Koposa zonse, funsa. Funsa ngakhale Cingelezi cako cikupunthwa, ngakhale ena aseke. Amene aseka kawirikawiri amachera khutu ku yankho lomwelo. Akulu anati safunsa anadya phula, natinso mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pa yunivesiti mayankho alipo ambiri, ndipo anthu olipidwa kuti akuyankhe alipo, koma sabata loyamba ndilo lokha limene amatuluka m'maofesi kudzakufunafuna. Pambuyo pake udzawafunafuna ndiwe, ndipo udzawapeza msanga ngati unaona kale zitseko zao.